Land Cruiser ikakwera pa tala

Kwathu kuno ku Angónia, Hilux kapena Land Cruiser ya pikapu imatipulumutsa dzinja likafika. Njira za ku Tsangano zikasanduka matope, ndi yokhayo imene imatulutsa kachewere kumunda. Koma ikakwera pa tala wa N7 wopita ku Moatize ndi Tete, muyendetse mwamtundu wina.

Chotsani 4H (giya yokoka ndi matayala onse anayi), mubwerere pa 2H (yokoka ndi matayala awiri akumbuyo okha). Pa tala wouma matayala alibe poterera, ndiye pokhota magiya amakakamizika, chiwongolero chimalimba, matayala n'kumadyeka msanga. Ngati munawaphwetsa pang'ono kuti mudutse mumchenga, apopeni musanathamange, chifukwa tayala lofewa silichedwa kuphulika ndi kutentha kwa ku Tete.

Matumba olemera ikani pansi, osati pamwamba. Galimotoyi ndi yaitali kale, ndipo pamakona a kufupi ndi Zóbuè imapendekeka mosavuta. Kumbuyo kwa malole siyani mpata waukulu, siima msanga. Za dizilo musachite kufunsa, imamwa zedi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi pamsika wa Ulongué. Mwana akaima pafupi ndi boneti simungamuone. Musananyamuke tsikani, muzungulire galimoto yonse, kapena mupemphe wina akuyang'anireni.