Momwe mungathirire mankhwala amadzi a chiswe, nyerere ndi tizilombo ta m'mitengo pakhomo

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, nyumba zambiri mu Blantyre muno zimayamba kuonetsa zomwe zinabisa chilimwe chonse. Kaya ndi ku Machinjiri, ku Chilomoni, ku Bangwe ngakhale ku Namiwawa kumene, munthu amadzuka m'mawa n'kupeza kamzere ka dothi kakwera khoma mpaka pafelemu la chitseko. Mukagogoda felemulo ndi chala mumamva kuti m'kati mwatsala mphako yokha. Ambiri akaona izi amathamangira kukagula botolo la mankhwala n'kupopera pomwe chiswecho chikuonekera. Mawa lake chafa mbwee, mtima pansi. Posakhalitsa chatulukira kuseri kwa kabati.

Sikuti mankhwalawo ndi achabe. Mwangowathira pamalo polakwika. Chiswe chomwe mwaphacho ndi kagulu kochepa kongobwera kudzafuna chakudya, pomwe manthu wake ali phee pansi pa nthaka, akuikira mazira masauzande tsiku lililonse. Ntchito yonse yagona pa kuika mankhwala panjira yomwe tizilomboto timadutsa, ndiponso pamlingo woyenera.

1. Yambani mwazungulira pakhomo, botolo musanagule

Tengani tochi ndi kampeni. Yang'anani m'munsi mwa makoma, kuseri kwa mipando, pamafelemu, musiling'i ngati mungakwere, ndi pomwe mapaipi amalowera m'nyumba. Kamzere ka dothi mukakapeza, kaswani pang'ono pakati. Mukapeza mawa katsekedwanso, dziwani kuti njirayo ikugwira ntchito. Katsatireni mpaka pomwe kakutulukira pansi.

Kunja yang'anani zomwe zikuitana chiswecho. Kawirikawiri ndi chitsa cha mtengo chomwe chinasiyidwa pomanga, nkhuni zotsamiritsa kukhoma, makatoni ounjika pansi m'sitolo, kapena mpopi wodontha umene wanyowetsa dothi la m'mbali mwa fandeshoni. Chiswe sichitha kukhala popanda chinyontho. Mukapanda kukonza mpopi uja, mudzathira mankhwala chaka ndi chaka.

2. Gulani mankhwala okhala ndi lebulo, m'botolo lake lenileni

Pitani kusitolo yogulitsa zipangizo za ulimi yomwe ili ndi chilolezo. M'dziko muno mankhwala ophera tizilombo amavomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, lomwe ofesi yake ili ku Bvumbwe. Timabotolo topanda dzina tija timagulitsidwa m'mbali mwa msewu, wogulitsa akukuuzani kuti "awa ndi a chilichonse, bwana", tisiyeni. Simudziwa chomwe chili m'katimo, simudziwa mlingo, ndipo mwana akamwa mwangozi adokotala sadziwa poyambira.

Dzina lalikulu la pabotolo lisakutengeni mtima. Werengani timalemba ting'onoting'ono totchula mphamvu yomwe ili m'katimo, chifukwa ndi imene imasiyanitsa ntchito. Cypermethrin, deltamethrin ndi lambda-cyhalothrin amapha msanga kachilombo komwe kawakhudza, ndipo amathamangitsa tinzake. Fipronil ndi imidacloprid ndi osiyana: chiswe sichiwazindikira, chimadutsamo bwinobwino, n'kukafa pambuyo pake, china chitapatsirako kale anzake. Pa chiswe cha pansi pa nyumba, ine ndingasankhe gulu lachiwirili ngakhale limakwera mtengo. Palinso chlorpyrifos, amene omanga nyumba akhala akuthira m'mafandeshoni kwa zaka zambiri. Ndi aukali kwa munthu, makamaka ana, choncho si oti n'kumapopera m'zipinda zogona.

Onaninso tsiku lothera mphamvu, komanso mzere wamtundu umene umakhala m'munsi mwa lebulo pamabotolo ambiri. Wofiira ndi wa mankhwala oopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, ndipo wobiriwira ndiye wocheperako ukali. Ofiirawo asalowe pakhomo panu. Lebulo itchulenso kachilombo kamene mukulimbana nako ndi malo oyenera kuthirapo. Mankhwala a fandeshoni si a pamtengo wa mango.

3. Valani, yezani, sungunulani

Malaya a mikono italiitali, thalauza, majombo, magolovesi a pulasitiki kapena a labala, chotchinga pakamwa ndi pamphuno, ndi magalasi ngati alipo. Magolovesi a nsalu amamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu, bola osavala n'komwe. Nthawi yoopsa kwambiri ndi yotsegula botolo, poti apa mankhwala amakhala asanasungunulidwe. Chitirani panja, ana ndi ziweto zili kutali.

Yesani kaye sipuleya ndi madzi okha kuti muone ngati ikudontha kumsana kapena ngati nozo (kamlomo kotulukira mankhwala) yatsekeka. Ikatsekeka itsukeni ndi madzi ndi kaudzu. Osaipemerera ndi pakamwa.

Tsopano mlingo. Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. "Kachivindikiro kamodzi" si mlingo, popeza zivindikiro zimasiyana kukula. Gulani sirinji yopanda singano kufamase, muilembe chizindikiro, ikhale ya ntchito imeneyi basi. Tiyerekeze lebulo yanena kuti mamililita 10 pa malita 10 a madzi, ndipo sipuleya yanu ndi ya malita 16. Ndiye kuti mukufunika mamililita 16, osati 20 kapena 30 "kuti agwire bwino". Mukawonjezera simupha chiswe chambiri. Mumangowotcha masamba, kutaya ndalama ndi kudzipweteka nokha. Mukachepetsanso kuti botolo lichedwe kutha, tizilombo tina timapulumuka n'kubereka tinzake tosamva mankhwala.

Thirani madzi oyera mpaka theka la sipuleya, ikani mankhwala, tsekani, khutchumulani, kenako dzazani madzi mpaka pamzere. Sungunulani okwanira tsiku lomwelo.

4. Chiswe: ntchito ili pansi, osati pakhoma

Sankhani tsiku loti dothi silinakhute madzi ndipo mvula sikuoneka kuti igwa. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndiyo yabwino, mvula isanayambe. Kuthira mvula ili mkati kumangokokolera mankhwala m'ngalande, ndipo poti Blantyre ndi wa zitunda, madziwo sachedwa kufika mu Mudi kapena mu Naperi, momwe anthu ena amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba.

Kumbani kangalande kozungulira nyumba, kogundana ndi fandeshoni, kuya masentimita pafupifupi 15 ndi mulifupi chimodzimodzi. Chotsani nozo kapena gwiritsani ntchito keni yothirira yomwe simudzathiriranso mbewu. Thirani pang'onopang'ono kuti madzi alowe pansi, asathamange. Malebulo ambiri amatchula malita pafupifupi 5 a mankhwala osungunula pa mita iliyonse, koma yenderani zomwe yanu yanena. Dothi lomwe munakumba lija libwezereni pang'onopang'ono mukulinyowetsanso ndi mankhwala omwewo. Musadumphe malo, ngakhale pamasitepe kapena pomwe padutsa paipi. Mpata wa chikhatho chimodzi ndi msewu wokwanira kwa chiswe.

Pamene pali khonde la simenti pamafunika kuboola timabowo m'mbali mwa khoma, kulowetsamo mankhwala n'kutsekanso ndi simenti. Ngati simudziwa pomwe padutsa mapaipi ndi mawaya, itanani odziwa ntchitoyi amene ali ndi chilolezo. Chimodzimodzi ngati chiswe chafika kale kumapaso a denga. Ndipo ngati pafupi pali chitsime kapena mjigo, musathire m'dothi musanafunse alangizi.

Mukagwiritsa ntchito fipronil kapena imidacloprid, musadabwe kuona chiswe chikuyendabe patapita masiku angapo. Ndimo momwe amagwirira ntchito. Musachipopere mankhwala ena opha msanga pamwamba pake, mungachithamangitse chisanatenge poizoni n'kupita naye kwawo.

Chulu chikakhala pafupi ndi nyumba, boolani ndi chitsulo m'malo angapo kuchokera pamwamba mpaka mumve kuti mwafika pamphako, thirani mankhwala, tsekani mabowo ndi dothi. Agang'a adzatuluka kudzaluma, ndiye majombo aja muvaledi. Chinthu chimodzi chosayenera kuiwala: auzeni a pakhomo ndi oyandikana nawo kuti chulucho chathiridwa. Ngumbi zotuluka pamenepo si ndiwo, ndipo nkhuku zisatole zakufazo.

Amene mukumanga kumene, mwayi wanu ndi uno. Thirani dothi lonse la m'kati mwa fandeshoni musanathire konkire. N'zotchipa kuposa kudzaboola pansi nyumba itatha.

5. Nyerere

Izi sizifuna ntchito yambiri. Tsatirani mzere wake mpaka pauna, nthawi zambiri pamng'alu wa khonde kapena pansi pa mwala, n'kuthira pamenepo ndi m'munsi mwa khoma la kunja. Kukhitchini musapopere pamwamba pa tebulo, mbale kapena pafupi ndi ufa. Pukutani njira yake ndi madzi a sopo, shuga akhale m'chitini chotseka bwino, ming'alu mumate. Linthumbu likalowa usiku limakhala longodutsa. Tulutsani ana ndi anapiye, wazani phulusa pakhomo ndi kuzungulira khola, ndipo ngati muthira mankhwala thirani kunja, panjira yomwe labwerera.

6. Mitengo ya zipatso

Mukaona masamba a mandimu, malalanje kapena mango ada ngati apakidwa mwaye, ndipo nyerere zikukwera ndi kutsika pathunthu, tembenuzani tsamba. Kunsi kwake mupeza nsabwe za zomera, kodikodi woyera wa ufaufa uja, kapena timamba tomatirira pamtsempha wa tsamba. Tizilomboti timayamwa madzi a mtengo n'kumatulutsa timadzi totsekemera. Nyerere zimabwerera timadzito, ndipo zimateteza tizilomboto kwa adani awo. Kuda kuja ndi nkhungu yomera patimadzi tomweto. Choncho kupha nyerere zokha sikuchiza mtengo, komanso kupha nsabwe n'kusiya nyerere kumachititsa kuti vuto libwerere msanga.

Yambani ndi kudulira nthambi zogwidwa kwambiri ndi zomwe zikukhudza khoma kapena pansi. Pamtengo waung'ono, madzi a sopo pang'ono opopera kunsi kwa masamba kangapo amathandiza ndithu, ndipo ndi bwino kuyamba ndi amenewa. Zikakanika, gwiritsani ntchito mankhwala omwe lebulo yake yatchula mtengo umenewo. Poperani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, kulibe mphepo. Masana a mu Okutobala mankhwala amauma asanagwire ntchito ndipo amawotcha masamba. Pa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi amangotsukika ndi mawawa. Imani mbali yomwe mphepo ikuchokera, lozetsani nozo kunsi kwa masamba, nyowetsani mpaka atatsala pang'ono kudontha. Mtengo wautali kuposa pomwe mkono wanu ukufika musaupopere mutaimirira pansi pake, mankhwalawo agwera kumaso kwanu.

Mtengo ukakhala pamaluwa, ikani sipuleya pansi. Mankhwala onse ndatchula aja amapha njuchi, ndipo popanda njuchi ndi tizilombo tina toyenda m'maluwa, mapeyala ndi mango sabereka bwino. Werenganinso masiku omwe lebulo ikuti adutse musanathyole zipatso, ndipo masiku amenewo ana a m'dera lanu awadziwe, poti mango sayembekeza mwini wake.

Mphutsi za m'kati mwa mango ndi magwafa sizifa ndi kupopera. Zimachokera ku ntchentche yoboola khungu la chipatso n'kuikira mazira m'kati, momwe mankhwala safika. Tolani zipatso zakugwa tsiku ndi tsiku, zikwirireni m'dzenje lakuya pafupifupi theka la mita. Chiswe chokuta thunthu ndi dothi nacho kawirikawiri chimadya khungwa louma la kunja. Palani dothilo, chotsani zouma, thirirani mtengowo. Mbande zongobzala kumene, makamaka za bulugama, ndi zomwe chiswe chimadula mizu, ndipo pamenepo mankhwala amathiridwa m'dothi mozungulira tsinde.

7. Mukamaliza

Ana, agalu, amphaka ndi nkhuku zisayandikire mpaka pauma. Amphaka samvana n'komwe ndi mankhwala a gulu la cypermethrin, ndipo nsomba zimafa ndi kadontho chabe. Tsukuluzani sipuleya, madzi akewo muwathire pamalo omwe munathira kale, osati m'sinki kapena m'ngalande ya mumsewu. Botolo likatha litsukuluzeni katatu, madziwo alowe m'sipuleya, kenako liboolereni kuti wina asadzasungiremo mafuta ophikira kapena madzi akumwa. Otsala akhale m'botolo lake lomwelo, pamalo okhoma. Osawatsanulira m'botolo la zakumwa. Zovala muchape pazokha, inuyo musambe ndi sopo musanagwire chakudya.

Mankhwala akagwera pakhungu, vulani chovalacho n'kusamba ndi madzi ambiri ndi sopo. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Munthu akayamba chizungulire, kutuluka malovu ndi thukuta lambiri, kusanza, kunjenjemera kapena kubanika, kapena akamwa mankhwalawo, musamupatse mkaka kapena mafuta, ndipo musamukakamize kusanza. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Gulupu, botolo lija lili m'manja kuti adokotala awerenge lebulo.