Musanagule boila ku UK, yambani mwawerenga osamba

Chiperoni chatipanikiza kuno ku Thyolo sabata yonseyi, nkhungu yaphimba minda ya tiyi moti ngakhale mtengo wa tsidya la msewu sukuoneka. Ndili kuwotha mbaula, foni inalira. Anali mwana wa mchemwali wanga, amene anagula nyumba ku Leicester. "Amalume, boila yafa. Wokonza akuti tigule ina, akutchula combi, system, ine mutu wangoima." Poti ndinakhalako kumeneko zaka zingapo ndisanabwerere kumudzi, ndinamufotokozera zomwe ndikulembazi.

Boila si giza yathu ija. Giza imangotenthetsa madzi osamba. Boila imayendetsa madzi otentha m'mapaipi opita ku ma radiator ofunditsa zipinda, yomweyonso imapereka madzi otentha kubafa ndi kukhitchini. Ikafa mu Januwale, zonse ziwiri zathera pompo.

Ngati nyumba ndi ya lendi, musatulutse ndalama yanu. Kukonza kapena kusintha boila ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo lamulo limamukakamiza kuyezetsa zipangizo za gasi chaka chilichonse n'kukupatsani pepala lake.

Kwa amene mwagula yanu, mudzamva kwambiri za combi. Ilibe thanki. Mukatsegula mpope imatenthetsa madzi nthawi yomweyo, ndipo ndi yaing'ono, imakwana m'kabati ya kukhitchini. Pa fulati ya bafa limodzi, anthu awiri kapena atatu, palibe yoiposa. Koma mphamvu yake ili ndi malire: ya 30 kW imatulutsa madzi otentha pafupifupi malita 12 pa mphindi, ndipo mipope yonse imagawana omwewo. Wina ali m'shawa, wina kukhitchini watsegula mpope kuti anyike poto wa nsima, mumangomva kukuwa kubafa.

Apa ndi pamene ife timalakwitsa. Wogulitsa amafunsa zipinda, ife n'kuyankha zipinda, osaganiza za mmene nyumba ya Mmalawi imakhalira. Lero muli anayi. Mwezi wamawa apongozi afika kudzaona khanda ndipo sakubwerera msanga, mphwanu wapeza malo ku yunivesite akugona pabalaza, ndipo atatu mwa inu muli pa shifiti ya m'mawa, nonse mukufuna madzi 6 koloko. Kusamba ife sitidumphitsa, kuzizire kusazizire. Nyumba yotere, makamaka ya mabafa awiri, imafuna system. Iyi imasunga madzi otentha m'thanki lake, choncho mipope iwiri itha kutseguka pamodzi popanda wolira. Kuipa kwake, thankilo limadya malo, ndipo madzi akatha mumadikira kuti atenthenso.

Mtundu wachitatu, regular, mudzaupeza m'nyumba zakale: thanki la madzi otentha pansi, lina la ozizira kudenga. Ngati ndi umene mwaupeza, ndipo madzi a m'dera lanu amabwera mofooka, musathamangire kuuzula. Combi imadalira mphamvu ya madzi ochokera kumsewu. Muuzeni wokonza ayeze kaye malita amene mpope wanu ukutulutsa pa mphindi. Akakana kuyeza n'kumangotchula mtengo, funani wina.

Za mayina a makampani opanga boila, Worcester Bosch, Vaillant, Ideal kapena Baxi, sindilimbana nazo kwambiri. Funsani zaka za waranti, ndipo dziwani kuti ambiri amaithetsa mukadumphitsa sevisi ya pachaka. Boila yosamalidwa imatha kufika zaka 10 mpaka 15. Okhala ku London ndi madera ozungulira, madzi anu ali ndi laimu wambiri amene amaundana m'kati mwa boila, ndiye funsaninso za chotetezera. Kumidzi kumene mapaipi a gasi sanafike amagwiritsa ntchito mafuta kapena gasi wa m'thanki, ndipo ku England ndi ku Wales mu 2023 boma linayamba kuthandiza ndi £7,500 kwa oika heat pump, makina oyendera magetsi amene amafunditsa nyumba pokoka kutentha kwa panja.

Tsono nkhani ya woika. Kuyambira 2009, aliyense wogwira ntchito ya gasi ayenera kukhala m'kaundula wa Gas Safe. Amayenda ndi khadi ya chithunzi chake, kumbuyo kwake kwalembedwa ntchito zimene analoledwa. Muoneni khadiyo, musachite manyazi. Ndikudziwa kuti kutchalitchi kuli achimwene ena a manja aluso amene angakuchitireni motchipa. Apatseni mpope wodontha, gasi ayi. Tonse tinamvapo za anthu amene anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka, osadzukanso. Mpweya womwewo, wa carbon monoxide, ndi umene boila yoikidwa molakwika imatulutsa, ndipo sununkha. Gulani alamu yake, ndi yotsika mtengo. Mukamva fungo la gasi, tsegulani mawindo, musayatse kanthu, tulukani muimbe nambala ya ngozi za gasi, 0800 111 999.

Mwana uja anaimbanso dzulo. Atawerenga bwino anapeza kuti m'nyumba amagonamo asanu ndi mmodzi, mabafa awiri. Wasankha system. Akungodandaula kuti thanki likukakhala m'kabati imene amasungiramo ufa ndi chambiko cha tiyi chomwe ndinamutumizira.