Mwana ayambe liti kuwerenga mabuku?

Mwana wanga wamkazi ndimamuphunzitsa ndekha pakhomo kuno ku Chibavi, ndipo amayi anzanga amakonda kundifunsa kuti, "Nanga buku timupatse liti?"

Musawerengere zaka. Kuimba "ka ke ki ko ku" si kuwerenga ayi, ngakhale wazaka zitatu amaloweza. Mulembereni mawu omwe sanawaonepo, monga "lumo" kapena "sefa". Akalumikiza yekha maphatikizowo osakuyang'anani kumaso kuti mumuuze, ndiye kuti wayandikira.

Kenaka muyeseni malembo ovuta aja: nkh, mph, ntch, ng'. Wanga anavutika ndi "ng'ombe" milungu itatu, ankangoti "ngombe". Sindinadikire kuti adziwe onse. Atagwira nkh ndi mph, tinapita kulaibulale m'tauni muno kukabwereka kabuku ka mizere iwiri patsamba.

Apa ndiye pofunika kuchenjera. Ana ndi akathyali, amangoona chithunzi n'kupeka nkhani. Ine ndimaphimba chithunzicho ndi dzanja mpaka amalize mzere. Ngati pa mawu khumi aliwonse akuphonya awiri kapena atatu, bukulo lamukulira. Libwezeni, mutenge losavuta.

Akamaliza tsamba, mufunseni: "Ndani wadya nthochi?" Akasowa yankho, mwina amangotchula mawu osamva. Kwa ife amene pakhomo timasakaniza ndi Chitumbuka, nthawi zina vuto limakhala mawu a Chichewa amene sakuwadziwa, choncho muyambe mwamufotokozera.

Maphatikizo sitinawasiye. M'mawa uliwonse timachitabe mphindi khumi tisanatsegule buku.