Kusunga Yorkshire terrier yaing'ono kwambiri kuno ku Harare

Yorkshire terrier ndi mtundu wa agalu ang'onoang'ono, ndipo yokhwima imalemera makilogalamu osapitirira 3.2. Timene ogulitsa amatitcha teacup pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp si mtundu wina, ndi agalu omwewo koma opinimbira, osafika makilogalamu 2 ngakhale atakula. Yorkshire wamba akasamalidwa bwino amakhala zaka 12 mpaka 15, pomwe tating'onoti nthawi zambiri sitifikako, ndipo tambiri timafa tidakali tiana. Ngati simunagule, pemphani kuona mayi wake ndi khadi la katemera, ndipo musatenge kamwana kosakwana masabata 12. Kochepetsetsa pa anzake ndi kamene kadzakudyereni ndalama kwa dokotala wa ziweto.

Chimene chimapha msanga ndi kutsika kwa shuga m'magazi. Chiwindi cha kagalu kotere sichisunga mphamvu yokwanira, choncho kakangodumpha chakudya kamodzi, kapena kakazizidwa, kamayamba kudzandira, kunjenjemera, maso kuyang'ana pamodzimodzi, kenako kukomoka. Mwana wagalu wosakwana miyezi 4 azidya maola atatu kapena anayi alionse, ndipo chakudya chomaliza chikhale chapafupi ndi nthawi yogona. Wamkulu azidya katatu pa tsiku. Uchi usasowe m'nyumba. Mukaona zizindikirozo, pakani pafupifupi hafu ya sipuni yaing'ono ya uchi kunkhama ndi chala, kafunditseni, ndipo kakadzuka kapatseni chakudya chofewa. Musathire madzi a shuga m'kamwa mwa galu wokomoka chifukwa amalowera m'mapapo. Pakatha mphindi 10 kasanasinthe, thamangani nako kuchipatala. Amene mumasunga galu wa abwana ku Borrowdale kapena ku Mount Pleasant iwo ali paulendo, pemphani nambala ya dokotala wa galuyo asananyamuke.

Sadza ndi msuzi wa ndiwo si chakudya chake. Mafuta a nyama amatupitsa kapamba, anyezi amawononga magazi, ndipo mafupa a nkhuku ophika amaboola matumbo. Chokoleti ndi mphesa ndi poizoni. Gulani chakudya chouma cha agalu ang'onoang'ono, muzichinyowetsa ndi madzi ofunda ngati mano akali ofooka. Muzikayeza pa sikelo ya kukhitchini sabata iliyonse n'kulemba. Magalamu 150 akachoka pa galu wa kilogalamu 1.5 ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake lapita, pomwe m'maso simungaone kusintha.

Sikelo yomweyo ndiyo iyenera kulamula mankhwala onse. Mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa amapimidwa ndi kulemera kwa galu, ndipo ambiri ali ndi malire a kulemera kotsikitsitsa olembedwa pa paketi. Kubenthula piritsi la galu wamkulu mongoyerekeza kwapha tambiri. Panado ndi Brufen musakapatse n'komwe.

Nkhupakupa zimachuluka ndi mvula, kuyambira November mpaka March, ndipo zimabweretsa biliary, matenda ophwanya magazi. Galu wa kilogalamu 1.5 ali ndi magazi osadzaza hafu ya botolo la Fanta la 300 ml, ndiye palibe zodikira mawa. Tsiku lililonse tukulani mlomo muone nkhama: zikhale zofiirira. Zikayera kapena kuoneka zachikasu, mkodzo n'kuda, kagalu n'kukana kudya, pitani tsiku lomwelo. Nyengo yomweyo ndi ya mphutsi za pakhungu, choncho zofunda zake muzisita mukazianula. Katemera wa parvo ndi distemper, matenda oopsa opatsirana a agalu, amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kubwerezedwa masabata atatu kapena anayi alionse kufikira masabata 16. Wachiwewe ndi wa pa miyezi itatu, ndipo lamulo la Zimbabwe limamufuna ngakhale kwa galu wosatuluka m'nyumba.

Musamange lamba m'khosi. Njira ya mpweya ya agaluwa ndi yofewa, imaphwatalala, ndipo mudzamva kutsokomola kouma ngati kulira kwa tsekwe. Gwiritsani ntchito lamba wa pachifuwa. Mafupa a miyendo yakutsogolo ndi opyapyala ngati pensulo, amathyoka kagalu kakadumpha pa sofa kapena kugwa m'manja mwa mwana, choncho ana azikanyamula atakhala pansi. Pabwalo musakasiye kokha, akabawi ndi akadzidzi amakaona ngati khoswe. Usiku wa June ndi July kumazizira kwambiri kuno, ndipo magetsi akathima hita ilibe ntchito: kulungani botolo la madzi ofunda m'thaulo n'kuliika pogona pake. Mu October katulutseni m'mamawa kapena madzulo basi.

Mano aubwana akapanda kuguluka pofika miyezi 7, makamaka osongoka aja, dokotala awazule, apo ayi chakudya chimatsalira pakati n'kuwoletsa atsopanowo. Muzitsuka mano tsiku lililonse ndi mankhwala a agalu, osati Colgate. Kagalu kosakula, kamene kamazungulirazungulira kapena kuchucha dovu kakangotha kudya, kangakhale ndi mtsempha wolambalala chiwindi. Pemphani kuyeza magazi kotchedwa bile acids musanalole opaleshoni iliyonse, ngakhale yofula.