Mmene mungadziwire chaka ndi ubwino wa matepi akale a Fairport Convention

Zolembedwa pachikuto cha tepi yakale ya gulu loyimba la Fairport Convention musazikhulupirire msanga. Gululi linayamba ku London mu 1967, ndipo oyimba ake ankalowa ndi kutuluka pafupipafupi, moti makutu anu angakuuzeni chaka molondola kuposa cholembera cha wogulitsa.

Yambani ndi mawu a woyimba wamkazi. Mukamva Judy Dyble, tepiyo siyidutsa pakati pa 1968, pokhapokha ngati ndi ya zaka zapatsogolo pamene anabwera kudzayimba ngati mlendo. Sandy Denny akamayimba ndi Iain Matthews, muli pakati pa 1968 ndi kumayambiriro kwa 1969. Woyimba ng'oma Martin Lamble anamwalira pangozi ya galimoto pamsewu wa M1 mu Meyi 1969. Pambuyo pake ng'oma anazitenga Dave Mattacks, ndipo vayolini ya Dave Swarbrick inakhazikika m'gululi. Ngati mawu achikazi palibe koma gitala ya Richard Thompson ikulimbana ndi vayoliniyo, ganizirani 1970, poti Thompson anachoka kumayambiriro kwa 1971. Misampha ilipo iwiri: Denny anabwereranso mu 1974, ulendo uno ali ndi Trevor Lucas ndi Jerry Donahue, ndiponso Thompson wakhala akuyimba ngati mlendo pachikondwerero cha gululi cha mu Ogasiti ku Cropredy, ku Oxfordshire.

Musanatulutse ndalama, fufuzani pa Discogs, tsamba la pa intaneti la mndandanda wa zimbale, ngati nyimbozo sizinatuluke kale mwalamulo. Za ku BBC za 1968 ndi 1969 zili pa chimbale cha Heyday cha 1987, ndipo Live at the BBC ya 2007 ili ndi ma CD anayi. Zimene anayimba ku kalabu ya Troubadour ku Los Angeles mu Seputembala 1970 zili pa House Full, pomwe za ku Broughton Castle mu 1981 zili pa Moat on the Ledge. Zina zimene amagulitsa ngati zosowa n'zokopera pazimbale zomwezi. Gulani zovomerezekazo, oyimba ndi mabanja awo apezeko kangachepe.

BBC inkafufuta matepi n'kujambulirapo zina, choncho nyimbo zina zinapulumuka chifukwa cha anthu amene ankajambula pawayilesi kunyumba. Mawu osalongosoka si umboni wa chinyengo ayi. Ngati nyimbo za patepizo zili mu fayilo ya pakompyuta, tsegulani fayiloyo mu Spek, pulogalamu yoonetsa kukwera kwa mawu pachithunzi, muone pamene mawu akuthera. Zojambula pa AM zimathera cha pa 5 kHz, za pa FM cha pa 15 kHz. Mukaona mzere wodukiratu pa 16 kHz, kawirikawiri fayiloyo inadutsa mu MP3 ya 128 kbps, ngakhale dzina lake likhale FLAC, mtundu wa fayilo wosataya mawu. Zimene zinatayika pamenepo sizibwereranso.

Liwiro ndilo limawononga matepi ambiri. Kaseti imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Makina akathamanga ndi 6 peresenti, nyimbo imakwera semitone yathunthu (kuchoka pa kiyi imodzi ya piyano kufika pa yotsatira), mawu a Denny n'kumamveka ngati a kamtsikana. Yerekezani ndi noti ya A pa 440 Hz, kenako konzani mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, posintha liwiro lenilenilo. Mukangotsitsa noti zokha, nyimbo idzakhala ikuthamangabe.

Pokopera kaseti, pukutani hedi, kachitsulo kowerenga tepi, ndi thonje lonyowetsa mu spiriti ya isopropyl, mudikire iume. Ikani tepi, n'kumapotoza pang'onopang'ono kasikuluu ka azimuth, kowongolera kapendekedwe ka hedi, kamene kali pambali pake, mpaka zingwe za gitala zimveke zakuthwa. Yesani kuyatsa ndi kuzimitsa Dolby B, batani lochepetsa phokoso la tepi: ngati mawu akufooka mukayatsa, isiyeni yozima. Jambulani pa 24-bit, 48 kHz, mawu okwera kwambiri asapitirire -6 dB, ndipo fayilo yoyambayo isungeni osaikhudza. Zokonzakonza zichitikire pa kope lina.

Tepi ya nkhungu kapena ya pa reel yomata ndi kulira pamakina muyimitse nthawi yomweyo, chifukwa utoto wosunga mawu umatsalira pa hedi. Yomatayo akatswiri amaitenthetsa pang'onopang'ono cha pa madigiri 54 Celsius kwa maola angapo m'makina apadera. Uvuni ya kukhitchini kutentha kwake kumasinthasintha, choncho apatseni odziwa ntchitoyi.