Momwe Mungasankhire Mashini Ometera Galu Pakhomo

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa n'kuyamba kuswa mtengo, anthu ambiri oweta agalu aubweya wautali amagwidwa chifundo akamawaona ali wefuwefu pamthunzi, ndipo maganizo oyamba amene amawabwerera ndi oti awamete. Popeza malo ometera agalu ndi ochepa, ambiri amaganiza zogula mashini awoawo. Inenso ndinatero, koma ndinayambira polakwika. Ndinagula pamsika mashini ometera anthu, onga aja a kubabashopu, n'kuwayesa pa kagalu kanga ka mtundu wa Maltese. Anadula bwino mzere umodzi wokha pamsana, kenako anayamba kutafuna ndi kuzula ubweya, kagalu kanalira n'kuthawira kunsi kwa bedi, ndipo kanatha sabata yathunthu kakuoneka ngati munda umene mwini wake walima mzere umodzi n'kutaya khasu. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti kusankha mashini kumayambira pa ubweya wa galuyo, ndipo mpeni wa mashini ndi wofunika kuposa dzina lolembedwa pakatoni.

1. Yang'anani kaye ngati galu wanu ndi woyenera kumetedwa

Si galu aliyense amene amafunika mashini. Agalu athu achikuda, komanso Boerboel, Rottweiler ndi Rhodesian Ridgeback, ali ndi ubweya waufupi umene umathothoka wokha, choncho burashi ndi sopo wa agalu zimawakwanira. Palinso agalu amene amaoneka ngati ofunika kumetedwa chonsecho sayenera kutero, monga German Shepherd, Husky, Labrador, Golden Retriever, Pomeranian ndi Japanese Spitz. Amenewa ali ndi ubweya wa mitundu iwiri: wapamwamba wolimbirapo umene umatchinga dzuwa ndi mvula, ndi wapansi wofewa ngati thonje umene umathothoka m'nyengo yake. Mukameta galu wotere mpaka pakhungu mumamuchotsera chitetezo chake ku dzuwa, ndipo nthawi zina ubweyawo umamera mochedwa kapena mwa zigambazigamba. Chimene amafuna ndi chipeso chachitsulo cha mano aatali chochotsera ubweya wapansi umene wafa kale.

Oyenera mashini ndi agalu amene ubweya wawo umangokulirakulira ngati tsitsi la munthu, monga Poodle, Maltese, Shih Tzu, Yorkshire Terrier, Schnauzer ndi Cocker Spaniel, kuphatikizapo ana awo osakanikirana ndi mitundu ina. Pisani zala mu ubweya wa galu wanu ndi kuona ngati ndi wofewa ndi woongoka, kapena wopotana ndi wothinana. Ubweya wopotana wonga wa Poodle umafuna mashini amphamvu kwambiri, pamene wofewa wa Yorkshire Terrier ukhoza kumetedwa ndi mashini apakatikati.

2. Funsani za mota

Mashini ambiri ometera anthu, makamaka otsika mtengo, amayenda ndi maginito amene amanjenjemeretsa mpeni mofulumira koma mopanda mphamvu zokwanira, ndipo mano a mpeni wake ndi oyandikana kwambiri moti ubweya wa galu, umene ndi wothinana kuposa tsitsi lathu, umawatseka msanga. N'chifukwa chake anga aja anayamba kuzula. Mashini abwino a agalu amakhala ndi mota yozungulira, imene pakatoni imalembedwa kuti rotary, ndipo imeneyi siifooka ikakumana ndi ubweya wochindikala. Ngati ndalama zilipo, tengani okhala ndi liwiro la mitundu iwiri. Liwiro lotsika ndi labwino kumaso, kumakutu ndi kumimba chifukwa phokoso limachepa ndiponso mpeni umachedwa kutentha, pamene lokwera limathandiza pamsana ndi m'nthiti.

3. Dziwani mipeni ndi manambala ake

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ogula ambiri amasokonezeka chifukwa manambala a mipeni ya agalu amayenda mosiyana ndi amene tinazolowera kubabashopu. Kumeneko munthu akati nambala 1 ndiye kuti akufuna tsitsi lalifupi, ndipo nambala ikamakwera tsitsi limatsala lalitali. Pa mipeni ya agalu nambala yaikulu ndi imene imameta pafupi ndi khungu. Mpeni wa nambala 4F umasiya ubweya wotalika pafupifupi mamilimita 9.5, wa 5F umasiya pafupifupi mamilimita 6, wa 7F pafupifupi mamilimita 3, pamene wa nambala 10 umasiya pafupifupi mamilimita 1.5. Wa nambala 30 umasiya theka la milimita, ndipo wa nambala 40 ndi umene madokotala a ziweto amametera pamalo amene akufuna kuchita opaleshoni. Mipeni iwiri yomalizayi musaikhudzitse pakhungu la galu ngati simunazolowere ntchitoyi.

Chilembo F chimasonyeza kuti mano onse a mpeniwo ndi ofanana kutalika. Ilipo mipeni ina ya nambala 4, 5 ndi 7 yopanda chilembochi, imene mano ake ndi osakanikirana, lalitali kenako lalifupi, ndipo imasiya mipata ikuluikulu. Akatswiri amaikonda pochepetsa ubweya wambiri mwamsanga, koma mipata imeneyo imatha kumeza khungu lopyapyala la m'khwapa, la m'mphepete mwa khutu kapena la pakati pa mwendo wakumbuyo ndi mimba, n'kulicheka. Kwa munthu wometa pakhomo, malangizo anga ndi akuti mipeni yotereyi aisiye m'sitolo momwemo.

Mashini amasiyananso pa kamangidwe ka mpeni. Ena ali ndi mpeni wochotseka umene mumaukankha ndi chala n'kuvekapo wina. Kamangidwe kodziwika kwambiri ka mtunduwu kamatchedwa A5, dzina lochokera ku mashini a kampani ya Oster, ndipo ubwino wake ndi woti mipeni ya A5 ya Oster, Andis, Wahl ndi Heiniger imalowana pa mashini a makampani onsewa amene anapangidwa motero. Kwa ife amene zipangizo zotere sitizipeza pa sitolo iliyonse, mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa mpeni ukabuntha mukhoza kugula uliwonse wa A5 umene mwaupeza kapena umene wachibale angakutengereni kuchokera ku Johannesburg. Mashini ena ali ndi mpeni umodzi wosinthika ndi kachitsulo kakumbuyo, monga wa Wahl umene umapereka manambala 9, 10, 15, 30 ndi 40 pa mpeni womwewo. Otere ndi opepuka ndiponso abwino kumaso ndi kumapazi, koma amavutika pa galu wamkulu waubweya wothinana. Gulu lachitatu ndi la mashini otsika mtengo amene mpeni wake sugulitsidwa pawokha, moti ukabuntha mashini onse atha ntchito.

Ngati muli ndi galu mmodzi kapena awiri, simufunika mipeni yambiri. Mpeni wa nambala 10, umene kawirikawiri umabwera limodzi ndi mashini, umakwanira kumimba, pansi pa mchira ndi malo amene ubweya wamangana. Muwonjezerepo wa 5F kapena 7F wometera thupi, ndi zipeso zovekera pamwamba pa mpeni ngati mukufuna ubweya utsale wautali. Zipeso zachitsulo zimadutsa bwino mu ubweya kuposa zapulasitiki, koma zonse zimakodwa ngati galu sanapesedwe bwino.

4. Ganizirani za magetsi

Mashini achingwe ali ndi mphamvu yosasintha ndipo amakhalitsa, koma magetsi akazima galu atametedwa mbali imodzi, mudzadikira naye ali choncho. Abatire amakupatsani ufulu wometera pakhonde kapena pansi pa mtengo, ndipo galu wamantha sakodwa m'chingwe. Posankha abatire, onani kuti batire yake ndi ya lithium ndipo imagwira ntchito ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo, popeza munthu wongoyamba kumene amatha nthawi yaitali pa galu mmodzi. Alipo mashini amene amagwira ntchito ali pachingwe ngakhalenso atachotsedwapo, ndipo kwa ine amenewa ndi oyenera kwambiri kuno kwathu.

Chenjezo lalikulu lili pa mashini oitanitsa kunja. Magetsi a ku Malawi ndi a 230V, pamene a ku America ndi a 120V, choncho mashini achingwe opangidwira msika wa ku America amapsa mukangowalumikiza kukhoma. Werengani timalemba ta pa mashini kapena pa chaja: pakalembedwa 220–240V kapena 100–240V, palibe vuto. Ochokera ku Britain amabwera ndi pulagi ya mano atatu amakona yofanana ndi yathu, pamene ochokera ku South Africa mphamvu yake ndi yofanana ndi yathu koma pulagi yake ndi ya mano obulungira, ndiye mudzafunika adaputala.

5. Ayeseni musanalipire

Pemphani wogulitsa kuti awayatse. Mverani phokoso, chifukwa galu amamva kwambiri kuposa munthu ndipo mashini olira ngati chigayo adzamuthawitsa musanayambe n'komwe. Agwireni ngati mukumeta ndi kuona ngati sakulemetsa dzanja kapena kunjenjemera mopitirira. Asiyeni akuyenda kwa mphindi zingapo, kenako khudzitsani mpeni kumkono kwanu. Ukatentha msanga chotero ndiye kuti udzawotcha galu. Mipeni imene mano ake oyenda ndi a ceramic, chinthu cholimba chonga dongo lowotcha, imachedwa kutentha kusiyana ndi yachitsulo chokhachokha, ngakhale imasweka ikagwa pasimenti. Samalaninso ndi katundu wachinyengo, pakuti mayina otchuka amalembedwa ngakhale pa mashini amene si a kampaniyo. Mtengo wotsika modabwitsa, zilembo zolakwika pakatoni ndi kusowa kwa kabuku ka malangizo ndi zizindikiro zokwanira kuti mubwerere. Ogwiritsidwapo kale ntchito akhoza kukhala abwino ngati ndi achingwe ndiponso a A5, koma abatire akale kawirikawiri batire yake imakhala itatopa.

Pogula musaiwale kabotolo ka mafuta a mashini ometera, kaburashi kochotsera ubweya m'mano, chipeso chachitsulo ndi sizasi yosasongoka kunsonga. Mafuta ophikira musawayerekeze n'komwe, chifukwa amauma n'kumata mano a mpeni. Akasowa enieniwo, mafuta opepuka a mashini osokera amathandiza.

6. Tsiku loyamba kumeta

Mashini abwino amabuntha tsiku limodzi lokha akagwiritsidwa ntchito pa galu wafumbi, chifukwa mchenga wobisala mu ubweya umadya mano a mpeni. Choncho musambitseni galu, muumitseni mpaka ubweya wonse uume, kenako mupeseni mpaka chipeso chizidutsa osakodwa, mukuchotsa njere za chisoso ndi zitsotso zina zimene watola kuthengo. Pamene mukupesa, papasani khungu lonse ndi zala. Nkhupakupa zichotseni musanayambe kumeta, pakuti mashini akaidula pakati mutu wake umatsalira m'khungu. M'nyengo ya mvula yang'aniraninso totupa tokhala ndi kabowo pakati, tomwe timakhala ndi mphutsi mkati, ndipo musadutsitsepo mpeni. Galu amene ali ndi zilonda, mphere kapena malo othothoka ubweya mupite naye kaye kwa dokotala wa ziweto, kaya ku ofesi ya boma ya zaziweto, kapena ku mabungwe osamalira nyama a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre.

Masiku awiri kapena atatu musanamete, muziyatsa mashini pafupi ndi galu kwinaku mukumupatsa kachakudya kamene amakonda, kenako muzimukhudza nawo pamsana ndi mbali yopanda mpeni kuti azolowere kunjenjemera kwake. Pometa penipeni, muimikeni patebulo loyalidwa thaulo kuti asaterereke, wina amugwire mofatsa, ndipo inu muyambire pakhosi kutsikira kumchira motsata kumene ubweya wagonera, mpeni utagona chafufumimba pakhungu osati choimirira. Pamalo amene khungu ndi lolendewera, likokeni pang'ono ndi dzanja linalo kuti liwongoke. Ubweya womangana ngati chingwe musauzule ndi chipeso kapena kuudula ndi sizasi, popeza khungu limakokekera m'kati mwa mfundoyo ndipo agalu ambiri amachekedwa motero. Lowetsani mpeni wa nambala 10 kunsi kwa mfundoyo pang'onopang'ono mpaka ichoke. Mphindi zisanu zilizonse yesani mpeni kumkono, ndipo ukatentha zimitsani mashini, uchotseni n'kuugoneka pa simenti yozizira kapena vekani wina. Donthezani mafuta pang'ono m'mano pakapita mphindi 10 kapena 15, ndi kupukuta otsala kuti asadetse ubweya. Galu akatopa, mulekeni, mudzamalize mawa.

Mukamaliza, chotsani mpeni, sasani ubweya wonse ndi kaburashi, upukuteni ndi sipiriti monga amachitira ometa anthu, kenako udzozeni mafuta ndi kuukulunga m'kansalu kouma. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyezi chimachititsa mipeni dzimbiri mofulumira, choncho isungeni m'kabokosi kotsekeka bwino, kutali ndi kubafa. Mpeni woyera ndi wodzozedwa mafuta ukayamba kusiya mizere kapena kukoka ubweya ndiye kuti wabuntha, ndipo musaunole pamwala wonolera mipeni ya kukhitchini chifukwa mbali zake ziwiri zimafunika kugwirana ndendende. Funsani ometa anthu a m'dera lanu kumene amakanoletsa mipeni yawo, kapena gulani wina wa nambala yomweyo.