Galu wodulidwa mwendo akabwereranso ku opaleshoni

Galu amadulidwa mwendo akagundidwa ndi galimoto, akakodwa mumsampha wa waya, kapena akagwidwa ndi khansa ya m'fupa. Dotolo wa ziweto amadula n'kusoka, galu n'kubwerera kwawo. Koma nthawi zina ulusi umaduka bala n'kuyasama, mkati n'kudzaza madzi kapena mafinya, khungu la m'mbali n'kuda. Dotolo akanena kuti mubwere nayenso, ambiri amagwa mphwayi, amvekere "ndi galu uyu, adzinyambita achira". Ayi ndithu. Mnofu wakufa uyenera kuchotsedwa, bala litsukidwe ndi kusokedwanso, ndipo mukachedwa matenda amalowa m'magazi.

Musanapite, funsani dotolo ola loti musiye kumupatsa chakudya, chifukwa galu wokhuta akabayidwa mankhwala ogonetsa amatha kusanza, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Mutsegulireni kukamwa muone nkhama. Zikayera m'malo mofiirira, nenani asanayambe ntchito. Galu amene anataya kale magazi pa opaleshoni yoyamba, makamaka ngati alinso ndi nkhupakupa zambiri, amafunika kuyezedwa kaye. Ku Lilongwe bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA lili ndi chipatala cha ziweto, ndipo m'maboma ena yambirani ku ofesi ya zaziweto kuti akulozereni kwa dotolo.

Ntchito yaikulu ili kunyumba, m'masiku 10 mpaka 14 ulusi usanachotsedwe. Chimene chimaononga mabala ambiri ndi lilime ndi mano a galu yemweyo. Usiku umodzi ndi wokwanira kuti ameteche ulusi wonse. Mvekeni kolala yapulasitiki yonga fanulo ija ndipo musamuvule pomumvera chisoni akamalira. Ikasowa, kandowa kapulasitiki kochotsa pansi, m'mphepete mwake mokulungidwa nsalu kuti musamucheke, kamathandiza. Zikomo, musamange zothina: zala ziwiri zizilowa pakati pa khosi ndi kolalayo.

Mdani wachiwiri ndi ntchentche, makamaka nyengo yotentha ndi yadzinja. Zimaikira mazira pabala lonyowa, mawa lake mukupeza mphutsi. Galu agone m'nyumba kapena m'chipinda chouma, pamkeka kapena bulangete loyera, osati padothi kuseri kwa khitchini. Yang'anani bala m'mawa ndi madzulo. Kutupa pang'ono masiku oyamba sikoopsa, koma fungo, mafinya, magazi osaleka, kapena galu kukana chakudya tsiku lonse, imbirani dotolo tsiku lomwelo. Phulusa, oyilo wakuda wa galimoto ndi mankhwala a dipi asafike pabala. Zimenezi zimawotcha mnofu umene ukuyamba kumera.

Pa za ululu ndikupemphani mumvetsetse. Galu salira nthawi zonse akamamva kuwawa. Amangobisala, kupuma mwawefuwefu, kunjenjemera, mwina kuluma mwana amene ankasewera naye. Mpatseni mankhwala okhawo amene dotolo wapereka, pa nthawi yake, ndipo amalize onse ngakhale aoneke ngati wachira. Brufen wathu wa anthu amayambitsa zilonda m'mimba mwa galu ndi kuononga impso. Panado nayenso musamupatse popanda mawu a dotolo.

Pomutulutsa kukadzithandiza, pindani chitenje muchidutsitse kunsi kwa mimba kapena chifuwa, mugwire nsonga zake kumtunda, osakhudza bala. Galu amasenza pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwake pamiyendo yakutsogolo, n'chifukwa chake wodulidwa wakutsogolo amatopa msanga ndipo amagwa chamutu akaterereka. Pasimenti yopolisha yalani matumba kapena mphasa. Asathamange, asalumphe masitepe, agalu anzake akhale patali.

Chakudya chikhale chomanga thupi: dzira lophika, usipa wopanda mchere wambiri, nyama yopanda mafupa, nsima pang'ono, ndi madzi abwino pafupi ndi pogona pake. Komatu musamunenepetse chifukwa cha chifundo, miyendo itatu ndiyo idzasenze thupi lonselo moyo wake wonse. Ulusi ukachotsedwa, yambani kuyenda naye mphindi zisanu pachingwe, n'kumaonjezera pang'onopang'ono, ndipo muzimuwenga zikhadabo kuti mapazi otsalawo azigwira pansi bwino.